Kachipewa ka Zingwe Ziwiri

Aphunzitsi a Nkhuwa anabwera Lachiwiri,
fumbi la Kamwala lili m'nsapato,
nandionetsa chithunzi pa foni yong'aluka galasi.
Tikufuna tisanu ndi tiwiri, anatero, ta sewero la ana.
Ndinayang'ana, ndinaseka.
Kachipewa kopanda mlomo,
kogwira mutu ngati khoko pa mtedza,
zingwe ziwiri zokumana pansi pa chibwano.
Si ka khanda aka?

Ayi, ka akuluakulu. Dzina lake koifi.
Anakhala pa mpukutu wa nsalu
nayamba kundiphunzitsa ngati ndalipira fizi.
Ku Ulaya, zaka mazanamazana zapitazo,
mlimi ankavala pomweta tirigu,
mankhusu asamulowe m'makutu.
Msilikali ankafutsamo ubweya, chitsulo n'kubwera pamwamba,
kuti unyolo wake womwe usamuzule tsitsi
asanaonane ndi mdani.
Wolemera ndi wantchito wake, bafuta woyera yemweyo,
kusiyana kufewa kokha.

Kenaka amuna anakataya, akazi n'kutola,
n'kupetapo maluwa ndi ulusi wakuda.
Maloya anakakamira, koma kanachepa, kanachepa,
mpaka kutsala kachigamba pamwamba pa wigi.
Ine ndinakumbukira a ku Khoti Lalikulu aja,
thukuta kamukamu mu Okutobala pansi pa tsitsi la hachi,
ndi masisitere a ubwana wanga,
nsalu yoyera itawazinga nkhope ngati mwezi.

Ndinasoka.
Magetsi anathima, ndinapalasa ndi phazi.
Tidutswa titatu: kumanzere, kumanja, mzere wapakati.
Msoko ndinaupinda kawiri kuti usakande.
Masamu anandithawa, ndinadula tisanu ndi titatu.
Kotsalako ndinakaponya m'thumba la jekete
pamodzi ndi choko ndi mabatani amasiye.

Lamulungu ndinakwera basi ya ku UTH.
Dailesi, mlongo wanga, bedi la pafupi ndi zenera.
Amene ankaluka mitu ya akwati ku Kabwata,
zala zothamanga kuposa makina anga,
mankhwala amusesa mutu wake womwe.
Duku limaterereka usiku, anandiuza,
wigi imayabwa,
ndipo mphepo ya Juni imadziwa pamene pali poyera.

Ndinapisa m'thumba kufuna ndalama ya malalanje.
Panatuluka zingwe ziwiri.

Wandiyesa khanda? anafunsa, kaseko kali pakamwa pouma.
Ayi, ndinati, n'ka asilikali.
Amavala mkati, chitsulo chisanabwere.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Kenaka anadzutsa chibwano,
monga ankachitira tili ana
ndikamumanga batani lapakhosi popita ku Misa.
Ndinamanga mfundo yosavuta kumasula.
Makutu ake anabisala. Mapewa anatsika.
Belu la alendo lisanalire, anali atagona.

A Nkhuwa, munandiuza zaka ndi mayiko,
koma tanthauzo ndalipeza ndekha mu wodi:
kachinthu aka sikanasokedwe kuti kaonedwe.
Kamakhala pakati pa munthu ndi chimene chikumulemera,
kaya chisoti, kaya lamulo, kaya lumbiro,
kaya usiku wa m'chipatala.
Kamamwa thukuta, osaulula.

Sewero linachitika, ndamva,
ana anagwa ndi malupanga a makatoni, makolo anaomba m'manja.
Ine sindinapite.
Mayi wa bedi loyandikana, wa ku Chawama,
anandikodola ndi chala chili ndi dilipi:
Atelala, n'zingati kameneko?
Tepi ndinali nditaiwala ku shopu.
Ndinasolola ulusi kumpendero kwa jekete,
ndinauzunguliza pamphumi pake potentha,
ndinadula ndi mano.
Mtengo sindinatchule.
Bafuta watsala mamita awiri,
ndipo mu wodi muja muli mabedi khumi ndi anayi.