Sipika ya ku Mufakose

Thabwa ndinatola ku Mbare,
chitseko cha kabati ya eni ake,
chonunkhirabe sopo.
Maginito ndinagula pa Siyaso
kwa mnyamata wolumbira kuti ngamoyo.

Masabata atatu utuchi m'tsitsi,
guluu m'zikhadabo.
Bowo linatuluka ngati dzira,
Nasibeko anaseka mpaka kukhala pansi:
"Mwakhoma khola la nkhunda apa."

M'kati ndinayalamo bulangete
limene malemu bambo anafunda m'sitima
pochokera ku Dedza.
Nditangolumikiza mawaya,
magetsi thi!

Tinadikira mumdima, udzudzu ukutiyimbira.
Cha m'ma leveni babu linaphethira,
bokosi linayamba lakhosomola,
kenaka besi inagwedeza malata,
galu wa aneba n'kuyamba kuuwa.

Nasibeko anaika dzanja pathabwa paja.
"Likupuma," anatero.