Kugula Moto ku Joni

Kwathu moto sagula.
Umangotenga phale n'kukapala kwa anansi,
zikomo yekha ndiye mtengo wake.
Koma kuno, Loweruka la mu Juni,
ndaima m'shopu ya Tesfaye ku Rosettenville,
marandi mazana asanu ndi limodzi ali m'sokosi,
ndikusankha moto wa m'katoni.

Chiperoni chija tinkachidandaula ku Thyolo
ndi khanda, sichinamere ndi mano omwe.
Chisanu cha kuno chimalowera pansi pa chitseko
ngati wodzalonjerera ngongole,
chimagwira mapazi a Ndaziona
mpaka mwana kutsokomola usiku wonse.
M'mawa mpope wapanja umaluma,
kapinga wa abwana amayera mbee
ngati wina wamwazapo mchere.

“Iyi ya timawaya tiwiri tofiira,” akutero Tesfaye,
“ndiyo amatenga anthu a kwanu.”
Zoona, mtengo wake ndi waulemu.
Koma ndikuidziwa ine:
imadya mayunitsi ngati dzombe m'mapira,
mita ya Mayi Mokoena imayamba kulira pakati pa usiku,
kukacha amagogoda osapereka moni.
Komanso Ndaziona wayamba kukwawa,
chilichonse chofiira amachiyesa chake.

Ya gasi yaima potero, chifuwa patsogolo.
Magetsi akathima iyo sizimaikhudza.
Silinda yake yokha ndi lendi ya milungu iwiri,
ndipo chipinda chathu, ukatambasula mikono,
wagwira makoma onse.

Ya palafini Esinala anakaniratu.
Akuti fungo limakakamira m'zovala,
ku saluni amayi amachita kutembenuza mphuno
iye akuwaluka tsitsi.

Mbaula sinditchula.
Biniwelo wa ku Ntcheu anailowetsa m'nyumba chaka chatha,
natseka chitseko bwinobwino,
natsekanso mpata wa zenera ndi jekete.
Tinasonkha makobidi m'chipewa mwezi wathunthu
kuti bokosi likwere ngolo ya basi,
lidutse Beitbridge, lidutse Mwanza.
Anafika kwawo atazizira
kuposa m'mene ankaopera.

Pakona, kuseri kwa matumba a mpunga,
pali ina ya nthiti zisanu ndi ziwiri,
katoni yong'ambika, tayala limodzi palibe.
Ilibe lawi, ilibe diso lofiira.
Akuti mafuta ali m'kati, samatha, samanunkha,
imachedwa kufunda
ngati munthu wosapsa mtima msanga.

“Mazana asanu ndi atatu.”
Ndikumuloza pamene panali tayala.
Akuseka.
Ndikuvula nsapato, ndikumuonetsa sokosi.
Waleka kuseka,
akulemba dzina langa molakwika m'kope lake:
zotsalazo pakutha pa mwezi.

Ya takisi yathera momwemo.
Ndaisenza paphewa ngati mbuzi ya chikole
kutsika nayo msewu wa Verona,
mphepo ikundimenya makofi ndi mapepala a m'ngalande,
anyamata a pakona akufunsa ngati ndikugulitsa.

Kunyumba, chidutswa cha njerwa chalowa m'malo mwa tayala.
Pulagi yalowa. Tadikira.
Esinala akuti, andibera.
Kenaka tha, tha, tha,
ngati malata dzuwa likamakwera,
ndipo mpweya wa m'chipinda wayamba kufewa.
Akufuna kuyanikapo matewera, ndikuwachotsa,
akuwabweza, ndikuwachotsanso,
takangana pang'ono, motsitsa mawu,
poti mwana wagona chotambasula zala
koyamba chiyambire Meyi.

Seveni koloko magetsi athima.
Mseu wonse wangoti zii,
jenereta ya Tesfaye yokha ikung'ung'udza kutali.
Takhala mumdima, zikhatho pa nthiti zake.
Sinazizire.
Ikusungabe kanthu kena m'kati,
ngati mpando umene munthu wangochokapo kumene,
ndipo palibe akufuna kuyamba kuchotsa dzanja.