Ndodo Zisanu

Adokotala a ku Elgin anandigwira paphewa
nati, Bambo Alasdair, thumba ili lakukulirani.
Madzulo ndinalikhuthulira pansi m'khitchini:
ndodo khumi ndi zinayi, zina sindinazigwirepo
chigulireni, zinkangokwera nawo pamsana
ngati abale obwera pamaliro kudzadya.

Ya mutu waukulu ndiyo inandivuta kusiya.
Imalira bwino ikagunda, anthu amacheuka,
mpira n'kuuluka mayadi mazana awiri
kukagwera m'minga ya maluwa achikasu
momwe ndasiyamo mipira yokwana kutsegula sitolo.

Mayi Ishbel Garrow, amene anagulitsa masitampa ku positi
zaka makumi atatu, amandigonjetsa Lachiwiri lililonse
ndi ndodo zisanu m'kathumba konga ka ambulera.
Samenya patali. Amangoyenda mowongoka,
ndipo akayandikira mbendera
mpira umawamvera ngati galu wawo.

Ndinawafunsa titausa mvula pakhoma lamiyala.
Anati, Mwamenya kangati lero?
Ndinati, Kakwana zana.
Nanga kangati muli poti mukhoza kuponya chipewa
n'kukafika padzenje?
Ndinawerenga, zala zinatha kasanu ndi kamodzi.
Mwaonatu, anatero. Inu mumathamangira kufika pakhomo
kenaka n'kutaya kiyi.

Mapazi ayandikane. Tsamirani mwendo wakumanzere.
Manja atsogole, mutu wa ndodo utsatire m'mbuyo
ngati mwana wokokedwa kupita kusukulu.
Musaunyamule mpirawo, si khanda;
mlomo wa ndodo anaupendeketsa kale kufakitale.
Dzenje lisiyeni kaye. Sankhani kadontho pakapinga,
apo pagwera nthenga yoyerapo,
mpira utere pamenepo, kotsalako ugubuduka wokha.
Mphepo ya kuno ku Moray imaba chokwera m'mwamba,
chokwawa pansi imangochiyang'ana.

Miyezi iwiri kuseri kwa nyumba:
ndowa yachitsulo pakati pa chingwe cha zovala ndi kashedi,
mipira makumi awiri m'mawa uliwonse tiyi asanapole.
Galasi la kashedi linapita sabata yoyamba.
Mphaka wa a Duthie anasamuka osatsanzika.
Tsiku lina ndowa inalira, ngwee!
ine n'kuvina ndekha m'masilipasi,
kenaka inakhala duu masiku anayi.

Zomwe ndatsala nazo ndi izi:
yoyambira ya mutu waung'ono, yosadzitama;
nambala sikisi; nambala eyiti yogubuduzira;
ya mlomo wogona yofukulira mumchenga;
ndi yokankhira ya malemu bambo anga,
yokulungidwa tepi yakuda pogwirira,
pamene chala chawo chachikulu chinasiya kadzenje.
Zisanu ndi zinayi zaima kuseri kwa chitseko cha galaja.
Ndikamadutsa ndimamva zikundijeda.

Dzulo, padzenje lomaliza, nyanja ili phuluu ndi thovu,
mpira unagona kuseri kwa kachitunda,
mayadi makumi awiri kuti ufike.
Dzanja linapita lokha m'thumba kufuna ndodo yomwe mulibe.
Linabwerako ndi eyiti.
Ndinasankha kadontho kanga, kaudzu kofiirira,
manja patsogolo, mpweya m'chifuwa,
tyaa.
Unatera, unanjanja kawiri,
unayenda ngati wodziwa kwawo,
n'kuima mkono umodzi kuchokera padzenje.

Mayi Garrow anangokoka chipewa chawo chaubweya.
Kwa iwo kumeneko n'kuwomba m'manja.

Mkono umodzi wokhawo ndinauphonya.
Mpira unanyambita mlomo wa dzenje
n'kubwerera kudzandiyang'ana.

Anachotsa pensulo kukhutu, nalemba chiwerengero changa
osachotserapo ngakhale chimodzi,
nati, Lachiwiri mubwere ndi ya bambo anuyo basi,
zina zinayizo zikapumeko ndi zinzake.

Ndinakoleka thumba, tinatsetsereka kulowera kudoko.
Mvula inayambanso, ya m'mbali.
Ndinafika pagalimoto ndisanakumbuke
kuti ndili ndi phewa.