Kachipinda ka Kuseri kwa Khitchini

Ku Pontypridd mvula siodira pakhomo.
Imalowa ndi jombo, ndi galu, ndi jekete la mwana.
N'chifukwa chake Eirlys anandiumiriza, zaka khumi ndi zinayi zapitazo,
kuti ndidule khitchini yathu,
ndiikemo khoma lopyapyala ndi chitseko,
makina ochapira azikalirira kwaokha.
Ndinanyinyirika. Ndinayeza ndi tepi kawiri,
n'kumuuza kuti tebulo lodyera lipanikizika.
Iye anangoti, Gethin, ndatopa kudya
masokosi ako akuzungulira pambali panga.

Tsopano nyumba ili pa malonda.
Chikwangwani chaima pageti ngati mlendo wokana mpando.
Rhodri, mnyamata wogulitsa nyumba,
wa nsapato zosadziwa matope,
akuti kachipindaka ndi nyambo,
ogula a masiku ano amakafuna,
kakhoza kukweza mtengo ndi mapaundi masauzande angapo.
Kenaka anatsitsa mawu:
komabe ena amakonda khitchini yotakasuka,
zimatengera munthu wake.
Ndinati mumtima, nenani kuti simukudziwa.

Oyamba anabwera Loweruka.
Mwamuna anagogoda khoma langa ndi chala,
khutu ataligunditsa ngati dokotala pachifuwa,
nati, ili ndi logwetsa, kuwala kulowe.
Ndinaseka ndi mano okha.

Achiwiri anali ndi agalu awiri aubweya.
Mayiyo ataona sinki yakuya ija
anaomba m'manja, nayamba kuwerenga zokolekapo zingwe,
koma banki inawamana ngongole.
Wina anafunsa ngati mungalowe desiki ndi kompyuta.
Wina anangodutsa osatsegula n'komwe,
ankayesa ndi kabati ya matsache.

Palibe anaona kuti shelefu ndinaikhoma mopendekera,
kuti chilichonse chobulungira chimathawira kumanzere,
kuti paipi ya madzi otentha imagogoda katatu isanavomere.
Palibe amene ndinamuuza
kuti chaka chimene Eirlys anagona pabedi osadzuka
ndinaphunzirira m'menemo kusiyanitsa zoyera ndi zakuda,
ndinafiiritsa malaya ake awiri,
ndipo makina akafika popota mwamphamvu,
nyumba yonse ikunjenjemera,
ndi pamene ndinkalira,
poti phokoso limandibisa.
Zimenezo Rhodri angazilembe bwanji papepala lake?
Analemba kuti: mamita awiri m'litali, umodzi ndi theka m'lifupi,
zenera limodzi, pansi pa matailosi.

Lachitatu madzulo kunabwera Nerys Bevan,
namwino wogwira usiku, maso ofiira ndi tulo,
ana atatu akumukoka siketi ndi chikwama.
Zipinda zogona anangozisuzumira.
Dimba sanaliyang'ane.
Atafika pa kachipindako analowa yekha
n'kutseka chitseko.

Tinaima panja, ine ndi Rhodri ndi anawo,
wamng'ono akunyambita batani la jekete.
Mphindi imodzi. Ziwiri.
Rhodri anatsokomola, nayang'ana wotchi.
Mkatimo munali zii,
kupatula mvula ikuwaza pazenera.

Anatuluka nkhope itamasuka pang'ono,
ngati munthu wotula mtolo panjira.
Sanafunse za mapaipi kapena magetsi.
Anangoti, chitsekochi chimatseka bwino.

Mtengo umene anatchula unali wopereweza.
Rhodri anandiimbira foni kawiri:
dikirani, bambo Prosser, kubwera ena,
kachipinda kameneko kakubweretserani zambiri.
Mwina amanena zoona.
Wa khoma logwetsa uja anali atawonjezera kale.

Ndinasaina Lolemba, dzina la Nerys pansi pa langa.
Zopanira zovala ndazisiya m'chitini cha mabisiketi,
zina n'zothyoka, asankha yekha.
Pakhoma ndamata kapepala ndi selotepi:
shelefu imapendekera kumanzere,
musaikepo botolo logona.
Paipi ikagogoda, ingodikirani,
madzi abwera.