Filimu Imene Sitinaione

Filimuyo sitinaione.
Ku Nchalo inafika ndi mawu okha:
kaseti yobenthuka pakona
imene Zuze anaipeza pakaunjika,
m'thumba la jekete la munthu wosadziwika,
pamodzi ndi tikiti ya basi ndi chingamu chouma.

Pachikuto panali anyamata anayi ndi mtsikana,
oonda ngati bango la ku Dabanyi,
tsitsi lili njo! ngati nungu yoopsezedwa,
mmodzi atabaya phini kukhutu.
Alufandika, wa Fomu 2, anatiwerengera timalemba:
akuti ndi nyimbo za m'filimu.
Filimu yanji?
Pamenepo mpamene pepala linang'ambika.

Mabatire tinawaanika padenga tsiku lathunthu.
Madzulo Zuze anadina.

Mayo ine!
Gitala ngati malata akusasuka ndi chimphepo,
ng'oma zikuthamanga ngati wakuba nzimbe
amene wamva wezulo ya mlonda,
woimbayo osaimba ayi, kukalipa,
ngati mavu amulowa m'malaya.
Usanapeze poponda phazi, nyimbo yatha.
Ina yayamba kale, yolusa kuposa inzake.
Amayi anasuzumira pazenera:
"Mwaponda galu wa yani?"

Mbali yachiwiri inali yozizira.
Timakina tikulira motsatana
ngati mapampu a m'minda ya kampani usiku,
ngati udzudzu wopita kusukulu,
ndi mtsikana woimba osakweza, osatsitsa,
ngati namwino akuitana maina pamzere.
Mu Okutobala, dothi likuwamba zidendene,
nyimbo imeneyo inali madzi a mumtsuko.

Ndiye filimu tinaipanga tokha.
Zuze ankati, apa akuthawa apolisi.
Alufandika ankati, bodza, apa wachotsedwa ntchito,
tamvani akumenyetsa chitseko.
Ine ndinkangoona mzinda wa mvula yosakata,
wopanda mbuzi, wopanda mlambe,
ndi munthu wokwiya wosowa womuuza.

Chizungu chawocho chinkatidutsa,
koma mkwiyowo tinkaudziwa nkhope.
Ndi womwewo Zuze ankabwera nawo
kuchokera kodula nzimbe,
ali bii ndi mwaye, maso okha,
chikwanje m'manja, malipiro atawadula,
n'kukhala pakhonde osayankha moni.
Akadina kaseti ija
wina wa kutsidya kwa nyanja ankamukuwira zonse,
iye n'kumangogwedeza bondo.

Loweruka lina anameta m'mbali monse,
lapakati naliimika ndi madzi a shuga,
nalowa mumsika ngati tambala wogula dzulo.
Koma dzuwa la kuno silidziwa fasho.
Asanafike pa ogulitsa milamba
tsumba linali litagona,
njuchi zikumuperekeza mpaka kumjigo.
Anthu anaseka mwezi wathunthu.
Iye ankati akuseka chifukwa filimuyo sanaione,
ngati kuti iye anaiona.

Wailesi inayamba kuitafuna kaseti.
Tinkaisolola pang'onopang'ono ngati matumbo a nkhuku,
kuikulunga ndi bolopeni,
poduka kumata ndi kyuteksi wa mlongo wanga.
Nyimbo yachinayi inatsala ndi chibwibwi,
yachisanu ndi chiwiri inasowa mutu.

Chaka chimene Shire anagona m'nyumba zathu
Zuze anakwera lole ya ku Beira.
Anatenga jekete lija. Kaseti anasiya.

Amayi sataya kanthu.
Anaiswa ndi mwala, nasolola ulusi wonse,
naumanga pa timitengo m'munda wa mapira
kuti uziingitsa mbalame.

Ndinapitako dzana.
Ulusi uli ng'aning'ani padzuwa,
mphepo ikauomba ukunjenjemera, ukulira,
nyimbo zonse khumi ndi ziwiri nthawi imodzi,
gitala uja, mtsikana wozizira uja,
mopyapyala, moti uyenera kuleka kupuma kuti umve.
Mpheta zikafika pafupi zikubwerera m'malere.
Nazonso zikufunsa za galu.

Ndinakhala pachulu mpaka kachisisira,
nditayang'ana kumene ulusi ukuthera,
ngati mwana amene walipira khobidi lake pakhomo
ndipo akudikira kuti jenereta ilire.