Buku la Ngongole

Ndinafika ku Ulongwe mwezi wa Juni
nditavala malaya opyapyala a kwathu ku Noakhali,
mano akugundana ngati mbale m'dengu.
Panalibe anandiuza kuti kuno kumazizira.
M'thumba munali kapepala ka nambala ya foni
ya munthu amene anali atasamuka kalekale.

Anandipeza pa siteji ndi a Bonifasiyo Kachingwe,
okonza njinga, manja ali bii ndi girizi.
Sitinamvane liwu ndi limodzi lomwe.
Anangovula jekete n'kundiponyera,
n'kuloza benchi.
Masabata atatu ndinagona pakati pa matayala,
ndikulota mitsinje ya kwathu ikununkha rabala.

Chinyanja ndinachitola kwa Mayi Felizarida,
ogulitsa kachewere pakhomo la msika.
Anaseka mpaka kugwira nthiti
tsiku limene ndinadabwa kuti mtengo wa sopo
ndi mtengo wa mango n'liwu limodzi.
"Mwenye iwe, usafulumire," ankatero,
"lilime ndi ng'ombe, limazolowera goli pang'onopang'ono."

Ndinayamba ndi tebulo:
machesi, singano, mabatire, mchere wa m'timapepala.
Kenako kachipinda kamalata.
Kenako sitolo yeniyeni ya zitseko ziwiri,
dzina langa pamwamba, SHAFIKULU,
wolemba ataphonya chilembo, ine osakonza.
Pansi pa kauntala, buku lakuda la ngongole,
mayina mazana awiri ndi kanthu:
feteleza, makope a ana, nsalu ya maliro,
"ndidzabweza tikakumba mbatata."

Ndiye usiku wina waya anathetheka.

Ndinaima pamsewu wopanda nsapato,
shuga akusungunuka, kununkha ngati phwando.
Anthu anabwera ndi zidebe, mabeseni, ngakhale ketulo,
koma moto unadya mpaka kukhuta.
M'mawa ndinafukula phulusa ndi ndodo.
Buku lija linali lathunthu, lakuda kuposa kale;
nditaligwira linayoyoka.

Ndinati basi. Zaka khumi ndi ziwiri, mphepo yatenga.

Lachitatu kunabwera mnyamata wa ku Domwe pa ngolo,
nandipatsa mametikali okulunga m'kansalu.
"Bambo akuti matumba awiri aja."
Ndinati buku lapsa, mwanawe.
Anati, "Lapsa ndi buku."
Mawa lake mphunzitsi. Mkuja mayi wa nsalu ya maliro,
analibe ndalama, anatula nkhuku ndi nyemba.
Si onse anabwera, ndisaname,
ena mpaka lero amawoloka msewu akandiona.
Koma obwerawo anakwana kugula malata.
A Bonifasiyo anakhoma denga, nakana malipiro,
nangoti, "Jekete yanga ija sunabweze."

Lero masitolo ndi atatu, lole imapita ku Tete kawiri pa sabata,
imawoloka Zambezi itasenza mbatata, kubwera ndi simenti.
Mayi anga kwathu akugona m'nyumba yokwezeka
imene madzi osefukira amangoinyambita masitepe.
Mwana wanga Rukusana anabadwira chipatala cha pompano;
amandikonza ndikalankhula, ngati Mayi Felizarida,
akuti adzakhala namwino, ndipo sakupita kulikonse.

Amati mlendo ndi mame.
Ine ndine mame amene dzuwa linawaiwala,
analowa pansi, nakumana ndi mizu.

Buku latsopano ndinagula, lilipo.
Koma tsamba loyamba sindilembapo munthu.
Pamenepo m'pa ngongole yanga:
jekete imodzi, lilime limodzi,
zidebe zosawerengeka za usiku umodzi,
ndi mawu awiri atatu a mnyamata wa pa ngolo.
Ndawonkhetsa kangapo, samu yake siituluka.

Kuseri kwa mzikiti ndasankha kale malo.
Mudzandigoneke chammbali, nkhope kuloza ku Maka,
koma dothi likhale lomweli, lofiira, lozizira,
lomwe limabereka kachewere.
Mwina pamenepo ndidzayamba kubweza.