Chimene Watsegula, Utseke

Ntchito yanga ndi geti.
Galimoto ikaliza hutala ndimatsegula, ikalowa ndimatseka,
sikisi madzulo mpaka sikisi m'mawa,
pa nyumba yosanja kakhumi ku Braamfontein
momwe mumagona ana a kuyunivesite.

Laputopuyi anandisiyira Palesa wa m'chipinda 704
tsiku limene ankasamuka. Anati yatopa.
Batani limodzi linagweruka ngati dzino,
batire silisunga moto,
koma imayaka.

Usiku woyamba ndinalemba mawu atatu okha:
Muli bwanji, Joni?
Ndinawaika pakati pa tizizindikiro tonga milomo ya mbalame,
ndipo anatulukadi, akuda bii pa tsamba loyera.
Joni sanayankhe.
Ndinaseka ndekha m'kanyumba ka alonda
mpaka galu wa pamsewu anaima kundiyang'ana.

Lamulo lake ndinali ndikulidziwa kale.
A Mthethwa, abwana anga, amalinena tsiku lililonse
akugwedeza makiyi: chimene watsegula, utseke.
Mutu, thupi, ndime,
bokosi m'kati mwa bokosi linzake.
Ukaiwala kutseka limodzi
zonse zimakhuthukira pansi ngati thumba lobooka.

Mu Juni kuno zala zimauma gwa.
Ndinadula nsonga za magolovesi.
Magetsi akazima ndimalemba khodi ndi bolopeni
kumapeto kwa buku la alendo,
pansi pa mayina a anthu obwera kudzaona zibwenzi zawo.

Usiku utatu ndinasaka chimene chinalakwika.
Ndinatukwana Palesa, ndinatukwana wopanga makinawa,
ndinatsala pang'ono kuigulitsa ku Small Street.
Kanali kadontho kokhala ndi mchira,
kamodzi,
komwe ndinakaiwala pa mzere wa 88.
Amati kuona maso a nkhono n'kudekha.
Sanatiuze kuti ako amafiira kaye.

Chikaiko, amene timagawana chipinda ku Yeoville,
akuti ndikudzivutitsa.
Pali zopangiratu, ase, umangodina n'kulipira.
Ndilibe yankho labwino.
Ndimangofuna kuti chinthu chikagwa
ndizidziwa msomali umene waguluka.

Kasitomala woyamba anali Che Twaibu, telala wa ku Mayfair.
Tinakangana sabata yathunthu za mtundu wobiriwira.
Ine ndili ndi manambala asanu ndi limodzi,
iwo ali ndi kachidutswa ka nsalu m'thumba la malaya,
akukagundika pa sikirini: ayi, uwu si womwewu.
Titagwirizana anatsegula tsambalo pa foni yawo,
suti yaukwati itadukira paphewa.
Mwanawe, anatero, chovala cha mkono umodzi
sichituluka m'shopu mwanga.
Ndinabwerera kukasoka.
Ndinaphunzira kuti tsamba liyenera kukwana aliyense,
wonenepa ndi woonda,
popanda kumuyeza.

Anandilipira buluku la bulawuni ndi marandi mazana atatu.
Ndi lomwe ndavalali.

Agogo anga aamuna anabwera kuno pa Wenela,
zaka zisanu ali pansi pa nthaka ya mzinda uno.
Golide sanamuonepo atavalidwa.
Inenso ndimagwira ntchito kunsi,
kumene woona tsamba sayang'anako,
kungoti chifuwa changa chilibe fumbi.

Ndinatumiza adiresi kwa mlongo wanga Tiyanjane ku Lizulu.
Anakhala masiku anayi alibe bandulo.
Lachisanu anandilembera:
Ndaona masuti. Nanga iwe uli pati?

Ndinaganiza zomuuza kuti adine apa, kenako apa,
aone mizere mazana awiri imene ndinalemba ndi zala zozizira.
Koma foni yake siingathe.
Choncho pansi penipeni, m'zilembo zazing'ono,
ndinawonjezera mzere umodzi:
Anamanga ndi Lingstone Kachere, pa geti, usiku.

Ndinaiwala kuutseka.
Tsamba lonse linapendama.
Kunja galimoto inaliza hutala kawiri,
ndipo ndinadzuka ndi makiyi.